Chipinda cha Durai Chitagwa

Tsiku limene chipinda cha Durai chinagwa, ine ndi bambo a Kokila tinali tisakulankhulana, ndipo olakwa anali iwowo. Ndineneretu zimenezi, chifukwa mumsika muno nkhaniyi aliyense amaikamba mmene akufunira, ndipo akamaikamba Pushpam wamaluwa uja, ine ndimaoneka ngati mfiti.

Mwana wathu Kokila anali ndi pakati poyamba. Tinakwera sitima kupita ku Madurai, kwa apongozi ake, kumwambo womuveka zibangili. Anthu ajatu ndi aulemu wawo, bambo wa pakhomopo ndi mphunzitsi wopuma. Ine ndinavala sari ya silika yobwereka, maluwa m'tsitsi, kuti asatione ngati anthu a kumsika. Nthawi yodalitsa mwana itakwana, bambo a Kokila analowa akununkha kachasu ngati mgolo, napunthwa pamkeka, nagwera m'mbale za zibangili. Zibangili zagalasi zija zinangoti phwaa pansi ponse. Mwana wanga analira chobisa nkhope, ine manyazi anandigwira mpaka m'mano. Titabwerako ndinawauza kuti fungo limenelo m'nyumba mwanga lisalowenso. Sanayankhe. Anapinda mkeka ndi chofunda, nayamba kugona kumsika, m'chipinda cha Durai.

Msika wathuwu anaumangitsa mzungu wina dzina lake Hadley, nthawi ya mfumukazi yawo ija, koma ife timangoti kwa Atili. Apongozi anga aakazi, amene anandisiyira malo ogulitsirapo masamba a nthochi odyerapo mpunga, ankati agogo awo anasenza nawo laimu pomanga. Ankati laimuyo anamukanda ndi zoyera za mazira ndi shuga wakuda wa mgwalangwa, mudzi uliwonse kupereka madengu a mazira, nkhuku za dera lonse kugwira thangata. Ndiye ankatero kuti khoma la msika uno silidzagwa, lidzangodyedwa ndi nyerere. Chipata cha kutsogolo, cha wotchi chija, chinali cha madona obwera pangolo za akavalo. Eni dzikofe tinkalowera cha kumbuyo, cha kungalande, kumene mabwato ankatsitsira ndiwo. Lero ngalandeyo ndi matope onunkha basi, ndipo kuchipatako kumangokhala a marikisho, njinga zonyamula anthu zija, ndi mbuzi.

Njira yolumikiza zipata ziwirizi imadutsa pakati pa msika, ndipo pamwamba pake, ngati mlatho, panali chipinda cha Durai, bwana wachizungu woyang'anira msika. Ankakhala pazenera n'kumasuzumira masikelo athu. Akaona wina akubera, ankamuitanitsa, ndipo woitanidwayo ankavula nsapato pansi pa masitepe achitsulo asanakwere. Azungu anachoka ine ndikuyamwa. Chipindacho chinasanduka cha masaka a anyezi ndi makoswe, koma mpaka tsiku limene chinagwa palibe munthu anakwerako atavala nsapato. Mukanafunsa chifukwa chake, akanangokuyang'anani ngati mwapenga. Nsapato zikakhala pansi pa masitepe ndiye kuti mwini wake ali kumwamba, basi.

Chinachigwetsa si nyerere ayi, ndi kachere. Mbalame inasiya njere pakhoma, mtengo n'kumera, mizu n'kumalowa m'njerwa chaka ndi chaka. Anabwerapo anthu ndi macheka, koma ndani angadule kachere? Akazi osowa ana anali atamangirira kale ulusi wachikasu munthambi, wina anaikapo kamwala kosema njoka, nyale ikuyaka Lachisanu lililonse. Ngakhale Sikkandar Bhai wa nyama ya mbuzi, amene sapembedza mtengo, anaima nafe pothamangitsa amachekawo. Nanenso ndinamangapo ulusi wanga Kokila asanabadwe, ndipo sindikupepesa kwa aliyense.

Malo athu anali pansi penipeni pa chipindacho. Ntchito tinkagawana: iwo kutsitsa mitolo ya masamba palole m'bandakucha, kucheka, kupinda, kukasiya kumahotela, ine kukhala pamalo n'kumagulitsa. Kusalankhulana sikunasokoneze kanthu. Munthu ukhoza kuloza ndi chibwano ntchito n'kuyenda.

Tsikulo linali loyamba la mwezi wa Karthigai, mvula itakhuthuka masiku ambiri osakata. Ndinafika pamalo athu, madzi ali m'mawondo pa siteji ya basi, n'kupeza mitolo ili mbwee pansi, yosamasula n'komwe. Ndinayang'ana kumasitepe. Patapata zawo zabuluu zinali pomwepo, imodzi yomanga ndi waya ija. Ndinangoti, ehe, dzulo kunali madyerero.

"Akuluakulu sanatsike?" anafunsa Pushpam, akutunga maluwa ake pa ulusi osayang'ana n'komwe zala. Malo ake anali moyang'anana ndi athu, ndipo pakamwa pake sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi mwawo. "Kawadzutse iwe. A kuhotela abwera kale kudzafunsa."

"Akawadzutse amene anawamwetsa."

"Iii, Sornam, mtima wakowo! Mwala woperapo tsabola uli bwino."

"Gulitsa maluwa ako, akufota ngati mwini wake."

Anaseka, ndipo ine ndinayamba kumasula mitolo ndekha, ndikutukwana chamumtima. Theka la masamba linali long'ambika, a pansi ovunda. Woyendetsa lole anali akadali kuchipata cha wotchi akumwa tiyi, ndiye ndinanyamula mtolo umodzi wovundawo kuti ndikamuonetse m'maso mwake. Pushpam anasiya maluwa n'kunditsatira. Amati ankakagula tiyi, koma ndi bodza, ankafuna kumva ndewu. Wa anyezi sanatsegule tsikulo, mayi wa mandimu anali atasamutsa dengu lake chifukwa cha kudontha. Motero pansi pa chipindacho panatsala popanda munthu.

Ndinali nditangofika potukwana amayi ake a woyendetsa uja pamene tinamva phokoso. Sikunali kuphulika ayi. Poyamba kunali ngati munthu wamkulu akuusa moyo, kenako gugudu! Pansi panagwedezeka, makapu a tiyi anagwa, nkhunda zonse za m'denga zinatulukira pachipata kutipitirira pamutu, ndipo pambuyo pake panabwera fumbi loyera ngati ufa.

Sindikumbukira kuthamanga. Ndimangokumbukira nditaima pamene panali malo a Pushpam, ndikuyang'ana phiri la njerwa ndi mitanda lotseka njira yonse, khoma ndi khoma, mpaka kumtunda. Denga linali litang'ambika, mvula ikugwera mumsika. Kachere anali chagada pamwamba pa phiriro, mizu m'mwamba, ulusi wachikasu uli lendelende. Masitepe achitsulo okha ndiwo anatsala chiimire, okwera kupita kumitambo. Pansi pake panali patapata zabuluu.

"Mayo ine!" Ndinamva mawu anga ngati a munthu wina. "Ali kumwamba! Abale inu, ali kumwamba, sanatsike!"

Mantha amene ndinachita pamenepo sindinawachitepo chibadwire. Za Madurai, za zibangili, zonse zinachoka m'mutu, munatsala chinthu chimodzi chokha: Pushpam anandiuza kuti ndikawadzutse, ine ndinakana. Ndinagwada n'kuyamba kukanda njerwa ndi manja.

Sikkandar Bhai anafika akuthamanga, epuloni ili magazi okhaokha, chitsulo chokolekapo nyama chili m'manja. Iye ndi bambo a Kokila anakulira limodzi mumsika muno, ankaba mango pamabwato ali ana.

"Mlamu, mukutsimikiza?"

Ndinaloza nsapato. Sanafunsenso. Anavula kachipewa kake koyera, nakaika m'thumba, nafuula mawu amene amafuulira ana ake akachedwa kusenda mbuzi. Posakhalitsa msika wonse unali pamenepo. Amayi a nsomba anakhuthula nsomba pamiyala n'kubwera ndi mabeseni, a mpunga ndi mafosholo, a kokonati ndi zikwanje. Tinapanga mzere kuchokera paphiri mpaka kuchipata cha wotchi, beseni kuchoka m'manja kupita m'manja. Sikkandar ankati akachotsa mtanda n'kulowetsa mutu mumpata, kuitana mnzake wa paubwanayo, "Rasu! Iwe Rasu!" koma mvula pamalata inkameza chilichonse.

Apongozi anga sananame kwenikweni. Khomalo linagwa m'zibuma zikuluzikulu ngati mabokosi, njerwa zitagwiranabe, moti zitsulo zinkangodumpha. Mitanda yake, imene amati inabwera pachombo kuchokera ku Burma, inali yolimba ngati yadzulo, amuna asanu ndi m'modzi kulephera kuisuntha. Mkulu wina wa kokonati anatola kachidutswa ka laimu n'kunyambita kuti amve ngati mulidi shuga. Ndinamuona ndi maso angawa.

"Mwamuna wanga ali pansi, inu mukudya khoma?" ndinatero. "Mukufuna ndikupatseni ndi tiyi?"

Anachitaya msangamsanga n'kunyamula beseni.

Ozimitsa moto anachedwa, galimoto yawo inatitimira pamphambano. Anafika wapansi, atanyamula zingwe, mkulu wawo ali patsogolo, bambo wamimba ndi ndevu za kumlomo zopotera m'mwamba. Anayamba ndi kuthamangitsa anthu kuti khoma lina lingagwenso, koma palibe anasuntha. Ine anandigwira pamkono kuti ndichoke, ndinamuyang'ana, anandisiya. Zala zanga zinali zitang'ambika, chikhadabo chimodzi chitachoka, koma sindinkamva kanthu.

Kenako kunabwera wapolisi, buluku lonyowa mpaka m'chiuno. Anali atazungulira kuchokera kuchipata cha kungalande, kumene kunali kosafikika tsopano kupatula kudutsa m'makwalala odzaza madzi.

"Bwana," anauza mkulu wa ozimitsa moto, "kumbuyoko nakonso akukumba. A marikisho ndi anthu ena ochokera kukachisi. Akuti mulinso mzimayi."

"Mzimayi? Ndiye kuti ndi awiri?"

"Akutero."

Mzere wa mabeseni unaima. Pushpam anayang'ana uku ndi uku, milomo ikuyenda. Wa mandimu analipo, wa tsabola analipo, amayi osesa onse analipo. Panalibe mkazi wa mumsika amene ankasowa. Ndiye anandiyang'ana ine, nayang'ana masitepe, nayang'ana pansi. Amayi a nsomba anayamba kunong'onezana.

Aaa, abale! Magazi onse anandikwera kumutu. Ndiye kuti ine ndikugona ndekha, ndikuphika mpunga wa munthu m'modzi, ndikumvera chisoni chidakwa chogona ndi makoswe, kumeneko kuli mkazi? Munthu wa imvi, mdzukulu ali m'njira! N'chifukwa chake sanatsike. N'chifukwa chake sanayankhe pamene ndinawathamangitsa, anangopinda mkeka mwaulemu ngati mlendo.

"Mlamu," anatero Sikkandar, "musamvere za anthu. Rasu ndi wa botolo, zimenezo ayi."

"Kumbani," ndinatero.

"Ndikuti ndimamudziwa ine..."

"Kumbani, Bhai! Muwatulutse amoyo. Asafe ndi khoma la mzungu, ndikufuna ndiwaphe ndekha."

Wina anaseka, nabisa msanga. Koma ndikuuzeni zoona, ndinkakumba ndikulira, ndipo sindinkadziwa kuti ndikulirira chiyani. Ndinkati akatuluka ndiwang'amba makutu. Beseni lotsatira ndinkati, Amman, mulungu wamkazi, mayi wanga, ngakhale akhale ndi akazi khumi, ingondibwezerani akupuma. Tinapeza masaka a anyezi ophwanyika. Tinapeza chofunda chawo, chimene ndinagula ine ndemwe, chitapanikizika pansi pa mtanda. Pushpam anachikoka n'kuchibisa kumbuyo kwake, koma ndinali nditachiona kale.

Chakumasana mvula inayamba kuchepa, mpaka inangotsala yowaza. Mkulu wa ozimitsa moto anakwera pachibuma n'kuimba wezulo.

"Aliyense chete! Ikani zitsulo pansi. Amene atsokomole ndimutulutsa." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, bwerani apa. Munthu wokomoka amadzuka ndi mawu a kunyumba. Aitaneni."

Ndinakwera pamene analoza, pafupi ndi mpata wa pakati pa mitanda iwiri. Msika wa Atili, umene sunakhalepo chete chimangidwire, unangoti zii. Madzi okha ndiwo ankamveka akudontha. Ndinawerama.

"Inu!" ndinaitana. "Inu apa!"

Palibe.

"Bambo a Kokila!"

"Mayi," anatero mkulu uja, "'inu' ameneyo ndi ndani? Dziko lonse ndi inu. Atchuleni dzina."

Ndinamuyang'ana. Kodi bambo ameneyu alibe mkazi kunyumba? Chikwatiwire, ndili kamtsikana, dzina limenelo linali lisanatulukepo pakamwa panga. Apongozi anga anamwalira osatchulapo la amuna awo, ndipo anthu owerenga anthu akabwera pakhomo ankaitana mwana wa aneba kuti anene. Ine ndawatukwanapo amuna anga mayina a nyama zonse za m'tchire, koma dzina lawo ayi. Mkazi wotchula dzina la mwamuna amamudulira masiku, tonse timadziwa.

"Tchula, Sornam," ananong'ona Pushpam kumbuyo kwanga. "Palibenso masiku oti udule apa."

Ndinaweramiranso mumpata muja. Koyamba dzinalo linatuluka ngati kulira kwa mwana wa mphaka. Kachiwiri ndinalitulutsa ndi mawu amene ndimaitanira malonda, amene amamveka mpaka kusiteji ya basi.

"Thangarasu! Thangarasuuu!"

Nkhunda imodzi inauluka. Kenako, kutali, mawu osasa ngati ochokera m'chitsime:

"Sornam? Sornam!"

Anthu anafuula onse pamodzi, wina kuitana mulungu Muruga, wina Allah, Pushpam akudzilemba mtanda mobwerezabwereza. Mkulu uja anaimbanso wezulo mpaka nkhope kufiira.

"Ali moyo! Chete! Mayi, afunseni ngati apweteka."

"Mwapweteka?" ndinakuwa mumpata muja.

"Usalankhule!" mawu anayankha. "Sunga mpweya! Usagwedezeke, ndikubwera!"

Ndinayang'ana Sikkandar, Sikkandar anayang'ana ine.

"Mutu," anatero mkulu wa ozimitsa moto, akudzigogoda pachipumi. "China chawamenya m'mutu. Zimachitika. Kumbani msanga, koma mosamala."

"Mukubwera kuti?" ndinakuwanso. "Khalani pomwepo! Ndipo muli ndi ndani mmenemo?"

Yankho silinamveke, chifukwa kuseri kwa phiri kunabuka chiphokoso cha anthu, zitsulo zikulira, amuna akuimba mofuula monga amachitira okwera phiri la mulungu Ayyappan. Ife tinati akutithandiza, nafenso tinawirikiza. Phiri linayamba kutsika pakati, pamene panagona kachere. A kokonati anadula nthambi ndi zikwanje, ndipo tsikulo palibe anatchula za ulusi. Sikkandar, ndi ukalamba wake, anakwera chokwawa mpaka pamwamba kuti amangirire chingwe pamtanda. Atafika anasuzumira kuseri. Anakhala choncho, matako kwa ife, osagwedezeka.

"Bhai, mwaona chiyani?" ndinafunsa, mtima uli m'mwamba. "Ndi mtembo wa mkazi uja?"

"Rasu!" anakuwa Sikkandar, osati kwa ine. "Galu iwe! Mwana wa bulu, ukutani kumeneko? Ife tathyoka misana..." Mawu anadukira pomwepo. Tinamuona akutulutsa kachipewa m'thumba, nakavala, nanena mofatsa ngati akulankhula ndi woweruza: "Pepani, Sami. Sindinaone."

Kenako pamwamba pa phiri panatulukira mutu, mapewa, munthu yense. Nsalu yakuda m'chiuno, thaulo lakuda m'khosi, phulusa ndi kadontho kofiira pachipumi, mikanda yatsopano pachifuwa. Mapazi opanda kanthu. Anali oongoka, maso oyera, moti ndinatenga kanthawi kuti ndiwazindikire. Anaima pamwamba paja, akundiyang'ana kukamwa kuli yasa, ngati aona mzukwa.

Aliyense anamvetsa nthawi yomweyo, ndipo ndinachita manyazi kuti sindinaganizeko. Tsiku loyamba la Karthigai amuna owinda kukwera phiri la Ayyappan amapita kukachisi m'mamawa kukavala mikanda. Kuyambira pamenepo mpaka atabwerako kuphiri, mowa ayi, nyama ayi, mkazi ayi, nsapato ayi. Zidakwa zambiri zimathawira kumeneko zikatopa nazo zokha. Iwo anatsika kusanache, nazilambalala patapata zawo chifukwa analibe nazonso ntchito, natulukira cha kungalande. Pobwerako kukachisi ndi anzawo anapeza njira yatsekeka, phiri la njerwa litakhala pamene ndimakhala ine tsiku lililonse nthawi imeneyo. Mzimayi wa wapolisi uja ndinali ine.

Anatsika mbali yathu chotsetsereka, njerwa zikugubuduka. Anthu anawapatukira. Wina anayamba kuseka, kuseka kunafalikira mzere wonse mpaka kuchipata, amayi a nsomba akumenyana pamsana, mkulu wa ozimitsa moto atakhala pachibuma akupukuta m'maso. "Zaka zonsezi pantchito," ankatero, "sindinakumbepo anthu awiri amene onse ali panja."

Ine sindinaseke. Ndinapita molunjika, dzanja lili m'mwamba. Sindikudziwa ngati linkapita kukamenya kapena kukagwira, mwina zonse. Pushpam anandigwira m'chiuno.

"Sornam! Mikanda!"

Dzanja linaima m'malere. Munthu akavala mikanda si mwamuna wakonso. Ndi Sami, mulungu amakhala mwa iye. Sumutukwana, sumukwezera mawu, ndipo mkazi wake samukhudza ngakhale ndi nsonga ya chala. Theka la tsiku ndinakumba ndi zikhadabo kuti ndimugwire munthu ameneyu, ndi uyu waima apa, wamoyo, akupuma, ndipo sindingathe ngakhale kumutsina. Mawu onse amene ndinakonza, oipa ndi abwino omwe, anasowa potulukira. Ndinangokhala pansi pomwepo, m'matope a laimu, n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana wotayika pachikondwerero. Sikunali kulira kwa chisoni ayi. Mtima unali utatsika pansi mwadzidzidzi, ndipo thupi silinadziwe chochita.

Iwo ananjuta patsogolo panga, kusiya mpata wa njerwa ziwiri. Manja awo anali ngati anga, ong'ambika, magazi osakanikirana ndi laimu.

"Ndimati uli pansi," anatero. "Ndinaona dengu lako, Sornam. Ndimati ndachedwa kusintha ndi tsiku limodzi lokha."

"Mukanandiuza," ndinatero. Mawuwo anatuluka okalipa, ndiye ndinaonjezera, "Sami."

"Ndikanakuuza bwanji? Ukanati chidakwa chikufuna kunamiza ndi mulungu yemwe."

Ndikanaterodi. Kumbuyo kwathu Sikkandar ankauza anthu kuti abalalike, si kanema uyu, koma iye mwini sankachoka. Amayi a nsomba anakumbukira nsomba zawo ndipo kunamveka kukuwa, amphaka anali atayamba kale. Pushpam anali atayamba kufotokozera anthu ongofika kumene, ndipo ndinamva ndi makutu anga akunena kuti iye ankadziwa kuyambira pachiyambi.

"Unanditchula dzina," anatero bambo a Kokila motsitsa.

"Simunamve bwino, Sami. Inali mvula."

"Mvula inali itakata. Ndinamva kawiri."

"Kamodzi. Koyambako sikunamveke."

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika m'fumbi la kumaso. Kenako anayang'ana zala zanga, kuseka n'kutha. Anatambasula dzanja, nakumbukira, nalibweza. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wosowa pogwira. Ndiye anavula thaulo lakuda lija m'khosi, latsopano, lodalitsidwa m'mawa womwewo, nagwira nsonga imodzi, ina naigwetsera pamwendo panga mosamala kuti asandikhudze.

"Manga chalacho," anatero. "Chikutuluka magazi."

Ndinakulunga chala, ndinakulunga dzanja lonse, mpaka nsalu inakungika pakati pathu. Ndinkamva kukoka kwa dzanja lawo kukudutsa m'nsalumo. Nsonga yawo sanaisiye, ndipo ine sindinawauze kuti asiye.